Mfutso wa M'chigafa

Mvula inayambiranso Ezelina atangomaliza kuyala mphasa yachinayi. Anayang'ana kumwamba, nagwedeza mutu, kenaka anayamba kukoka mphasazo imodziimodzi kubwerera nazo pakhonde. Aka kanali kachitatu kuyanika ndi kuanula tsiku lomwelo.

Linali tsiku lachinayi la mvumbi. Masamba amene anafutsa Lolemba, nkhwani, khwanya ndi chitambe, anali asanaone dzuwa lenileni. M'nyumba monse munali masamba: pabalaza, pansi pa tebulo, mpaka pabedi la Success, mwana wawo wamkazi amene anali kusukulu yogonera komweko ku Kasungu. Akapisa dzanja pansi pa mulu, Ezelina ankamva kufunda kwa chinthu chimene chayamba kusasa.

"Odi kuno ku esiteti ya nkhwani!"

Anali Dorika, mlongo wake wa mwamuna wake, atafunda thumba la feteleza kumutu. Nyumba yake inali kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo panalibe chochitika pakhomo pano chimene chinkamudutsa.

"Lowani alamu, koma muone popondapo."

"Popondapo pali kuti? Kodi mlongo wanga mukumugoneka pamasamba ngati mbozi?"

"Musaseke. Gwirani apa mumve."

Dorika anapisa dzanja m'mulumo, nalinunkhiza. Kuseka kunathera pomwepo.

"Awa akafika mawa ali chonchi, ndi manyowa."

Munda umene unabala zonsezi unali kuseri kwa nyumba, theka la ekala, nthaka yakuda imene kwa zaka khumi ndi ziwiri inkangodziwa fodya. Chaka chathachi Ezelina anaupempha kwa mwamuna wake, Fumbani. Anali atatopa ndi miyezi ya chilimwe, pamene banja la alimi limayenda ndi kambale m'makomo mwa anzawo kufunsa ndiwo. Fumbani sanakane, komanso sanapereke ulere.

"Chaka chimodzi," anatero nthawi imeneyo. "Mvula ikamatha ndione zikwatu za mfutso makumi awiri zili lende kukhitchiniko, zoti tidye mpaka dzinja linalo. Zikapanda kukwana, fodya abwerera pamalo pake."

Anapangana choncho pamaso pa Dorika.

Nthaka yozolowera feteleza wa fodya inachita mopitirira muyezo. Maungu anayanga mpaka kukwera mpanda. Chitambe ukathyola m'mawa, mkuja chaphukanso. Matimati ankang'ambika ali pamtengo chifukwa cha kuchuluka kwa madzi. Mundawo sunkadikira munthu: chimene wasiya lero, mawa chakhwima kapena chaola.

Matimatiwo Ezelina ankawaphika ndi mchere mpaka atalimba ngati phala, n'kuwathira m'mabotolo a jamu amene mlongo wake Alick, wophika ku hotela ya ku Lifupa, anamusonkhanitsira. Akawatseka ankawawiritsanso m'madzi, monga anaphunzirira kwa amayi a Chigwirizano, mpaka chivindikiro chitalowa m'kati. Ntchito imeneyo inkafuna maso. Masamba nawo ankafuna maso. Iye anali nawo awiri okha.

"Poto wanu akupserera kukhitchiniku," anatero Dorika.

Ezelina anathamanga, nakavundula, nachepetsa nkhuni, nabwerera akupukuta misozi ya utsi.

"Mapanga awiri avumbwitsa, alamu. Sankhani chimodzi."

"Ndisankhe chiti? Ndikasiya matimati aola. Ndikasiya masamba aola."

"Walira mvula walira matope. Munkalira munda inu."

Nthawi yomweyo Fumbani anatulukira akukankha njinga. Anali atavala jekete lake la kutchalitchi. Uthenga unali utafika m'mawa kuti amalume ake amwalira ku Simlemba, ndipo ankapita kumaliro. Ezelina anamulondola mpaka pamtengo wa mango, maso ake ali pachigafa chimene chinali chapafupi pomwepo. Chinali chachitali, chofolera ndi udzu ndi pulasitiki, mbali zonse zotseguka. Fodya wosokedwa anali lendelende pamikangala, mphepo ikumudutsa. Pansi pake panali dothi louma, lopanda kanthu.

"Abambo a Success, pansi pa chigafapo palibe kanthu. Masiku awiri okha."

"Ayi."

"Simunamve n'komwe."

"Ndamva. Masamba ofutsa ndi madzi okhaokha. Fodya akamauma safuna mnzake wonyowa pafupi. Akachita nkhungu tikagulitsa chiyani ku okushoni? Nkhwani?"

"Koma mphepo imadutsa bwino."

"Amake Success, munda ndinakupatsani. Chigafa sindinakupatseni."

Sanakweze mawu. Anapinda miyendo ya buluku lake, nanena kuti abwera Lamulungu, nakwera njinga. Matayala anasiya mzere m'matope.

Ezelina anabwerera kukhitchini. Anathira matimati m'mabotolo asanu, nawatseka, nawaika m'poto wa madzi. Anakhala pansi, nadzukanso. Anapita pabalaza kukatembenuza masamba. Ena anali atayamba kuterera. Anatuluka kukayang'ana mitambo. Kum'mawa, cha ku Wimbe, kunali bii. Analowanso, natulukanso.

Kenaka anapinda mphasa yoyamba ndi masamba ake, naisenza.

"Ine sindikuona kanthu," anatero Dorika ali pakhonde.

"Ndiye tembenukani."

"Mlongo wanga uja ali ngati madzi a m'dambo. Amaoneka odekha, koma pondanimo."

Ezelina analunjika kuchigafa. Anapita, nabwera, napitanso. Pamphasa yachisanu msana unakana, ndipo masamba anayamba kutayikira m'matope. Dorika anataya thumba lake lija.

"Gwirani bwino mbali yanuyo. Koma ine sindinaone."

Mphasa khumi ndi imodzi zinalowa m'chigafa madzulo amenewo.

Masiku awiri otsatirawo Ezelina anapanga njira pakati pa khitchini ndi chigafa. Akaika mabotolo pamoto ankathamangira uko kukatembenuza masamba ndi manja, kusakaniza apamwamba ndi apansi kuti aume mofanana. Akamaliza ankaimirira, nagwira nsonga za fodya wotsika, kumununkhiza, kumuyang'ana kuseri ngati wayamba nkhungu. Pangodya ina denga linkadontha, madzi akuyenderera m'fodya asanafike pansi. Anasunthako mphasa pang'ono. Mphepo ikawomba, fodya yense ankachita phokoso ngati anthu akunong'onezana. Mantha ake onse anali kumwamba. Pansi, pamphasa zake, sankayang'anitsitsapo.

Masamba anauma. Loweruka dzuwa linatuluka, ndipo anawatulutsa panja kuti amalizike. Pofika masana ankathetheka m'manja. Awiriwo anakhala pansi pa mango ndi mulu wa masamba a msuku ndi luzi, nayamba kukulunga.

"Makumi awiri ndi ziwiri," anatero Dorika akumanga chikwatu chomaliza. "Mwamuposa ndi ziwiri. Ziwirizo ndi za mboni."

"Mboni imene sinaone kanthu?"

"Imeneyo ndiye yodula."

Ezelina anaseka koyamba mlungu wonsewo. Anatenga tsache, nakasesa pansi pa chigafa mpaka mizere ya mphasa itafafanizika. Fodya anali chilendewere monga anamusiyira mwini wake.

Lamulungu Ezelina atabwerako kutchalitchi, anaganiza zomulandira mwamuna wake ndi mfutso womwewo. Anatapa wotsala m'lichero, nauviika, nauphika, natsira nsinjiro. Utapsa anatapa pang'ono ndi chipande, nadontheza pachikhatho, nanyambita.

Anaima chilili.

Kunali kuwawa kumene sikunali kwa ndiwo iliyonse imene ankaidziwa. Kunayamba palilime, kunatsikira kukhosi n'kuyamba kuyabwa. Analavula. Anatsukuluza m'kamwa, nalawanso. Anaganiza kuti mwina nsinjiro zinali zoola, choncho anaphika wina wopanda nsinjiro. Anamasula chikwatu chimodzi, kenaka china chapakati, kenaka chachitatu. Zonse zinali chimodzimodzi.

Anatapa mfutso wouma, natuluka nawo padzuwa, nauyala pachikhatho. Tizidutswa tonse tinali tofiirira, tokwinyika, tofanana ngati ana a mimba imodzi. Anatola kamodzi, nakafikisa ndi zala, nanunkhiza. Kanali ka nkhwani. Anatola kena. Fungo lake linali limene ankagona nalo m'zovala za mwamuna wake chaka ndi chaka.

Apa m'pamene anakumbukira mphepo ija. Nthawi zonse fodya akagwedezeka, tizinyenyeswa take tinkayoyokera pamphasa, ndipo iye mwini, ndi manja ake, ankatisakaniza bwinobwino ndi ndiwo.

"Alamu!" anaitana. "Tabwerani!"

Dorika analawa, nakwinya nkhope, nathamangira kunja kukalavula.

"Mayo ine! Uwu ndi wosuta, si wodya ayi."

"Tingausankhe?"

"Musankha ndi chiyani? Ndi mphuno, kamodzikamodzi, mpaka Success adzakwatiwe?"

Ezelina anakhala pamtondo wogadabuza. Anaganiza za nkhwani imene anasadzula mpaka zala kutupa, za nkhuni zonyowa zimene anauzira, za msana. Kumunda masamba ambiri anali atakhwima kale. Chotsala chanthete chinali chitambe chokha, chosakwana ngakhale zikwatu zisanu ndi ziwiri.

Dorika anasuzumira panja, nabwerera, natsitsa mawu.

"Mverani ine. Mangani zitatu mwamasulazo, tipachike zonse. Mwamuna amawerenga ndi maso, sawerenga ndi lilime. Akaona makumi awiri, munda ndi wanu."

"Nanga tikayamba kudya?"

"Ndi liti limenelo? Ogasiti. Nthawi imeneyo adzakhala atakonza kale malo ena a fodya wake. Mudzati makoswe anaboola, anankafumbwe analowa, chilichonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, alamu, wapachala ndi wa mphepo."

"Musanditchulire fodya lero."

Koma anaimirira. Anamanganso zikwatu zitatu zija, ndipo Dorika atakwera pampando anazipachika zonse pamtanda wa khitchini, mzere umodzi. Poto wa ndiwo zowawa Ezelina anamubisa kuseri kwa mtsuko. Anathamangira kumunda, nathyola chitambe chachiwisi, naphika ndi matimati.

Fumbani anafika dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo. Anatsamiritsa njinga pakhoma la khitchini, nawerama pakhomo kuti apereke moni. Atakweza mutu anaona mzere uja. Analowa. Anawerenga akuloza ndi chala, milomo ikuyenda. Atafika kumapeto anayambiranso.

"Makumi awiri ndi ziwiri. Ndi mvula yonse ija?"

"Mulungu sagona, mlongo wanga," anatero Dorika msanga.

Fumbani anagwira chikwatu chimodzi, nachikweza m'manja kuyesa kulemera kwake. Anayang'ana mabotolo ofiira amene anali ndandanda pashelefu. Kenaka anayang'ana mkazi wake, ndipo nkhope yake yotopa inamasuka.

"Ine ndimati zikanika. Njira yonse ndimaganiza mmene ndikuuzireni mawu oti musakhumudwe. Amake Success, mwandigonjetsa. Munda ndi wanu."

Ezelina anayang'ana pansi. Mawu amene anawadikira chaka chathunthu anafika, koma analibe powaika.

Fumbani anakhala pampando, nayamba kufotokoza za maliro: za anthu ochuluka, za galimoto imene inatitimira, za akazi a malemuwo amene atsala amasiye.

"Nyumba yatsala mbee. Anthu adya chilichonse, nkhuku, nyemba, mpaka mbewu. Ndipo pali adzukulu anayi, wamng'ono sanayambe n'komwe sukulu. Benjamin, msuweni wanga uja, adutsa kuno mawa m'mawa popita ku Simlemba. Popeza mwaposa ndi ziwiri, mumupatse ziwirizo. Muwonjezepo chimodzi, ine sindidzawerenganso."

Dorika anayamba kusonkheza moto umene sunkafuna kusonkheza.

Ezelina ankadziwa chimene fodya amachita m'thupi. Ankadziwa chizungulire chimene chimagwira munthu akathyola fodya wa mame, ndi kusanza kwake. Umenewo ndi wongokhudza khungu. Anaona m'maganizo mwake ana anayi atazungulira mbale, agogo awo akuwauza kuti idyani, ndiwo sizikanidwa, zachokera kwa azibale athu.

"Tikhoza kuwapatsa mabotolo," anatero Dorika. "Matimati ndiye abwino kwa ana."

"Mabotolo panjinga, msewu umene uja? Aphwanyika. Mfutso ndiye wopepuka."

Ezelina anaimirira. Anapita kuseri kwa mtsuko, natulutsa poto uja, natapa ndi supuni, namupatsira mwamuna wake.

"Lawani."

"Alamu…" anayamba Dorika.

"Lawani, abambo a Success."

Fumbani analandira supuni, akumuyang'ana modabwa. Analawa. Sanalavule msanga. Anayendetsa lilime pang'onopang'ono monga munthu amene wakumana ndi mnansi wake kumalo kosayembekezeka. Kenaka anatuluka, nalavula, napukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Munayala mbali iti?"

"Konse."

"Masiku angati?"

"Awiri, ndi usiku wake."

"Zonsezi?" Analoza mzere wa zikwatu.

"Zonse."

Analunjika kuchigafa, akazi awiriwo akumutsatira chapatali. Analowa chowerama, nayamba kupisa manja m'fodya, mkangala ndi mkangala, kutsegula masamba, kununkhiza. Anatenga nthawi yaitali. Ezelina anaima panja atagwira mzati, akumva phokoso la masamba.

Pangodya ija Fumbani anaima. Anatsitsa mikangala itatu, natuluka nayo poyera. M'mitsitsi ya masamba munali nkhungu yotuwa ngati phulusa. Anaiika pansi, nabwerera pangodyapo, nayang'ana kumwamba. Pulasitiki inali itang'ambika, kuwala kukulowera. Anayang'ana kung'ambikako, nayang'ananso dothi losesedwa bwino limene linali pansi pake. Panalibe munthu akanatha kunena ngati nkhunguyo inakwera kuchokera pansi kapena inatsika kuchokera pamwamba.

"Apa pakhala pakudontha kuyambira Januwale," anatero, osayang'ana munthu.

Dorika anayesa kupeputsa nkhani. "Basi, zachitika. Safunsa adadya phula."

"Anafunsa," anatero Fumbani. "Ndinakana. Iwe unali pomwepo, ndipo ndikukhulupirira kuti mphasa sizinayende zokha."

Dorika anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zake zinali zisanalowe m'khola.

Atatsala awiri, Fumbani anatembenukira kwa mkazi wake.

"Pakanapanda ana a ku Simlemba, mukanandiuza liti?"

Ezelina anayang'ana mikangala itatu ija.

"Sindikudziwa. Mwina mu Ogasiti. Mwina ndikanati ndi makoswe."

Fumbani anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ananyamula mikangala itatu ija, napita nayo kuseri. Tsiku limenelo sanalankhulenso za nkhaniyo, ndipo chitambe chachiwisi chija anadya mwakachetechete.

M'mawa mwake Ezelina anatsitsa zikwatu zonse, nazitutira kudzala. Anazimasula chimodzichimodzi, nakhuthula, nakwirira ndi dothi lambiri kuti mbuzi zisafukule. Benjamin atadutsa anamupatsa maungu anayi ndi mabotolo awiri okulunga m'chitenje chakale, namuchenjeza kuti ayende nawo ngati mazira.

Pobwerera anapeza Fumbani ali m'munda muja ndi chingwe ndi zikhomo. Anali kuyenda kuchokera kumpanda, akuwerenga mapazi. Atafika pakati anakhoma chikhomo, napita mbali inayo, nakhoma china, namanga chingwe. Chingwecho chinadutsa pakati pa mizere ya chitambe, n'kudula mundawo pawiri.

Ezelina anaima m'mphepete, dengu lili m'manja.

"Pangano silinakwane," anatero Fumbani. "Ndikanati nditsate mawu anga, wonsewu ndi wa fodya."

"Ndikudziwa."

"Koma ndaona chimene nthakayi ikuchita. Kumtundaku ndikutenga. Kumunsiku khalani nako."

Kumtunda ndiye kunali nthaka yabwino, kumene maungu anachita kuposa kwina konse. Onse awiri ankadziwa zimenezo. Ezelina anatula dengu pansi.

"Khasu lilowa liti?"

"Mukamaliza kuthyola."

"Mitengo inatsala pomanga chigafa ija, ndi pulasitiki yakale. Ndikufuna kumanga thandala langa, la denga lake."

"Mukundiuza kapena mukundifunsa?"

"Ndikufunsa."

Fumbani anakulunga chingwe chotsala padzanja, akuyang'ana kuchigafa kumene kunali ntchito yokwera padenga.

"Tengani. Koma mumange kutali, uko mphepo imachokera."

Anachoka. Dzuwa linali litayamba kutentha, ndipo nthunzi inkakwera m'mizere yonyowa. Kumadzulo mitambo inali itayambanso kusonkhana. Ezelina anaiyang'ana, nayerekeza maola amene anali nawo. Anamanga chitenje mwamphamvu, nadumpha chingwe chija, nayamba kuthyola chitambe cha kumtunda, mbali imene inali kupita.